Lipoti la Tayala Lotupa M'mbali: Nkhani ya Galimoto Imodzi ku Johannesburg

Ndimagwira ntchito yomanga, kumata ndi kuyeza matayala pa galaja ina ku Booysens, chakummwera kwa tawuni ya Johannesburg. Lipoti ili ndi la galimoto imodzi imene inafika pamalo athu kawiri m'nyengo imodzi ya mvula, maulendo onse awiri ili ndi tayala lotupa m'mbali, ndiponso pa gudumu limodzimodzilo. Ndaganiza zolemba mwatsatanetsatane chifukwa ulendo woyamba ndinangosintha tayala osafufuza chimene chinalipweteka, ndipo kupupuluma kwangako kunatayitsa munthu ndalama ya tayala lina, komanso kunamuyendetsa miyezi itatu pa gudumu limene likanatha kuphulika ali ndi anthu m'galimoto.

Mwini galimoto ndi ntchito yake

Eni ake ndi bambo a kwathu ku Malawi, a zaka za m'ma 40, amene amakhala ku Rosettenville. Galimotoyo ndi Toyota Corolla imene amanyamulira anthu oitanitsa pa foni, ndipo malinga ndi kunena kwawo amayenda makilomita pafupifupi 200 pa tsiku, kwenikweni pakati pa tawuni, Sandton, Soweto ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Loweruka ndi Lamulungu, makamaka Khirisimasi ikamayandikira, amatutanso katundu wa Amalawi anzathu kupita naye kumene matransipota amapakira magalimoto opita kumudzi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza. Amene anatumizapo katundu kumudzi akudziwa kuti sakhala wopepuka: zigubu za mafuta ophikira za malita 20, zidebe za penti, makatoni a sopo, ndipo eni katunduyo amakwera momwemo kuti akaone ndi maso awo kuti wapakiridwadi.

Galimotoyo anaigula ili ndi malimu a mainchesi 15 ndi matayala olembedwa 195/65 R15 91H. Patapita nthawi anapeza malimu a kaunjika a mainchesi 17, onyezimira bwino, nawamanga ndi matayala olembedwa 215/45 R17 87W, poti makasitomala amakopeka ndi galimoto yooneka bwino. Manambala amenewa ndi amene akunyamula theka la nkhaniyi. Nambala yoyamba ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi kutalika kwa khoma la m'mbali poyerekeza ndi kufutukukako pa 100 iliyonse. Ndiye kuti tayala lakale linali ndi khoma lotalika mamilimita pafupifupi 127, pamene latsopanolo linali ndi mamilimita pafupifupi 97, kusiyana kwa masentimita atatu. Nambala ya kumapeto imanena za kulemera kumene tayala limaloledwa kusenza likakhala ndi mpweya wokwanira: 91 ndi makilogalamu 615, pamene 87 ndi makilogalamu 545. Motero posintha malimu, bambowa anafupikitsa mpata wapakati pa limu ndi msewu, nachotsanso makilogalamu 70 pa mphamvu ya tayala lililonse, pa galimoto imene ntchito yake ndi yosenza. Pamsika pali tayala la saizi yomweyo lolembedwa XL, kutanthauza lotha kusenza katundu wochulukirapo, la nambala 91, koma wogulitsa sanawauze ndipo iwo sanadziwe zofunsa.

Ulendo woyamba anabwera mu Novembala 2023, tayala lakutsogolo kumanzere litatupa. Tsikulo linali la anthu ambiri. Ndinaona chotupacho, ndinawauza kuti tayala lotere silimatika, ndinamanga latsopano la saizi ndi nambala yomweyo, ndinabalansa, ndinapopa, iwo n'kumapita. Sindinayang'ane limu kumbali ya m'kati, sindinathire madzi a sopo m'mphepete, ndiponso sindinawerenge chomata cha pachitseko kuti ndione ngati nambala 87 inali yoyenera galimotoyo.

Zimene ndinapeza ulendo wachiwiri

Mu Febuluwale 2024 anabweranso, nkhope ili yosakondwa. "Achimwene, munandigulitsa tayala lowola," anatero asanatsike n'komwe. "Miyezi itatu yokha latuluka kale chithupsa ngati lija." Ndinawayankha kuti, "Pepani achimwene, khalani pansi kaye. Tilimasule, tilione m'kati tonse awiri, ndipo likapezeka kuti ndi lolakwika kuchokera kufakitale ndilibweza ndekha kumene tinaligula." Ndinawapempha kuti galimoto iime pamthunzi maola awiri kuti matayala azizire, chifukwa mpweya woyeza tayala likutentha umanamiza.

Atazizira ndinayeza onse anayi ndi geji imodzi. Lakutsogolo kumanzere, lotupalo, linali ndi 1.5 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya), lakutsogolo kumanja 2.0, akumbuyo 1.9 ndi 1.8. Chomata cha pachitseko cha dalaivala chinkafuna 2.2 bar galimoto ikakhala yopepuka, ndi kuposerapo ikadzaza. Nditawafunsa kuti anapopa liti komaliza, anati anyamata a pa filing'i sitesheni amawonjezerako akawakumbutsa, mwina kamodzi pa mwezi, ndipo lakumanzerelo ndi limene nthawi zonse linkapezeka lotsika. Mawu amenewa anandigwira mtima, chifukwa tayala latsopano silitsika mpweya kuposa anzake popanda chifukwa.

Chotupacho chinali kukhoma lakunja, chapakati pa mlomo wa limu ndi phewa la tayala, chachikulu ngati dzira la nkhuku, cholimba pochisindikiza ndi chala ndiponso cha malire ooneka bwino. Pansi pake, moyandikana ndi limu, panali kachipsera kopyapyala kopindika ngati mwezi watsopano, pamene mphira anaphwanyidwa n'kusanduka wotuwa. Ndisanamasule ndinalemba choko mzere umodzi kuchokera pa chotupa mpaka pa limu, kuti tayala likachoka ndidziwe malo amene zinakumana. Ichi ndi chinthu chaching'ono chimene anyamata ambiri amachidumpha, koma mzerewo ukasowa umboni wonse umabalalika. Pamalo a mzerewo mlomo wa limu unali ndi kachizindikiro katsopano, chitsulo chikuwala, ndi utoto wakuda wa mphira wopakika pamwamba pake.

Kenako ndinachotsa gudumu, ndinaligoneka pansi n'kuthira madzi a sopo kuzungulira milomo yonse iwiri. Kunja kunali zii. Kumbali ya m'kati, yoyang'ana kwa injini, thovu linayamba kutukusira pang'onopang'ono pamalo ena, kutali ndithu ndi chotupa chija. Apo mlomo wa limu unali wopindika kwa utali wa zala zitatu, ndipo kupindikako kunali kwakale, kodzaza fumbi la mabuleki ndi matope ouma. Limeneli linali bala la mu Novembala, limene ndinalisiya osaliona.

Titalimasula ndinalitenga kupita nalo padzuwa, ndinafutukula khoma ndi manja, n'kuwaitana bambowo kuti aone okha. Kuseri kwa chotupa khungu la m'kati linali long'ambika pang'ono, ngati masentimita awiri, ndipo polowetsa chala nsonga za ulusi woduka zinkamveka kubaya ngati ndevu zometa dzana. Kwina konse m'kati munali mosalala ndi moyera, mopanda zinyenyeswa za mphira. Manambala anayi a kumapeto kwa chilembo cha DOT, chimene fakitale imadinda pakhoma la tayala, anali 3123, kutanthauza sabata ya 31 ya chaka cha 2023, choncho tayalalo linali lisanathe ndi chaka chomwe chipangidwire.

Poyamba bambowo anakana kuti sanagunde chilichonse. Izi sindizitenga ngati bodza, chifukwa munthu woyenda makilomita 200 pa tsiku m'misewu ya m'nyengo ya mvula sangawerenge dzenje lililonse. Nditawafunsa mwa njira ina, kuti m'masabata awiri apitawo panali tsiku limene anatsika kukayang'ana gudumu, anakhala chete kanthawi, kenako anakumbukira. Masiku khumi m'mbuyomo, usiku wa mvula ya mabingu, ankachokera kubwalo la ndege ndi anthu anayi ndi masutikesi awo, ndipo atapatuka pa msewu waukulu n'kulowa kamsewu ka m'malokesheni anaponda chimene ankayesa chithaphwi chabe. Galimoto inagunda mwamphamvu mpaka mayi amene anakhala kutsogolo anafuula. Anaima, anaunika ndi tochi ya foni, anaona kuti tayala silinaphwe ndipo linali losalala, napitiriza ulendo. Chotupacho anachiona patatha sabata imodzi, potsuka galimoto.

Mmene chotupa chimayambira

Anthu ambiri amaganiza kuti mphamvu ya tayala ili mu mphira, koma mphira ndi chofunda chabe. Chimene chimagwira mpweya kuti usaphulitse tayala ndi ulusi wolukidwa m'kati mwa mphirayo, kawirikawiri wa poliyesitala pa magalimoto ang'onoang'ono. Pa tayala la mtundu wa radial, limene kampani ya Michelin inalembetsa mu 1946 ndipo lero ndi limene lili pa galimoto pafupifupi iliyonse yaing'ono, ulusiwu umayenda molunjika kuchokera ku mkombero wa waya wa mlomo umodzi, kukwera khoma, kudutsa pansi pa mbali yoponda msewu, n'kutsikira ku mkombero wa mlomo winawo. Mbali yoponda msewu ili ndi chitetezo china cha malamba a waya wachitsulo, koma khoma la m'mbali lilibe malamba amenewa, popeza linapangidwa kuti lizipindika ndi kuwongoka kuti galimoto iziyenda mofewa. Pakhomapo pali chabe mphira wakunja, ulusi wosanjikiza kamodzi kapena kawiri, ndi khungu lopyapyala la m'kati limene limagwira ntchito ya chubu.

Gudumu likagwa m'dzenje la milomo yakuthwa, kapena likakwera mwala wa simenti wa m'mphepete mwa msewu, khoma limapindika mwadzidzidzi. Ngati kugundako n'kwamphamvu kuposa mmene mpweya ungakanire, khomalo limapindika mpaka kupanikizika pakati pa mlomo wa limu ndi mlomo wa dzenje, monga mmene chala chimapanikizikira pachitseko. Mphira amapirira zotere chifukwa amatamuka n'kubwerera, koma ulusi sutamuka kwambiri, ndiye umaduka kapena kuphwanyika. Kachipsera kopindika kamene ndinaona kunja kaja ndi pamene limu inaluma. Ulusi ukaduka, pamalopo pamatsala mphira yekha kulimbana ndi mpweya, ndipo mpweyawo si wamasewera: pa 2.2 bar, kachigawo kalikonse ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi kamakankhidwa ndi mphamvu yopitirira pang'ono makilogalamu awiri, kotero kuti malo aakulu ngati chikhatho cha munthu amasenza kulemera koposa matumba awiri a simenti. Mphirayo amagonja n'kutukumukira kunja, ndipo khungu la m'kati likang'ambikanso mpweya umalowa pakati pa zigawo n'kumazisendula.

Chimene chimasokoneza eni magalimoto, ndi chimene chinabweretsa mkangano pakati pa ine ndi bambowa, n'chakuti chotupa sichioneka nthawi zonse tsiku la ngozi. Nthawi zina pamaduka ulusi wochepa, wina n'kungovulala. Ulusi woyandikana nawo umayamba kusenza katundu wa woduka uja kuwonjezera pa wakewake. Tayala la saizi imeneyi limazungulira maulendo pafupifupi 500 pa kilomita imodzi, ndipo pa kuzungulira kulikonse khoma limapindika likafika pansi n'kuwongoka likachoka. Pa makilomita 200 a tsiku limodzi, ndiye kuti malo ovulalawo apindidwa maulendo 100,000. Aliyense amene anadulapo waya popanda pulayala, pongomupinda uku ndi uku, akudziwa mathero ake. Patatha masiku angapo ulusi wovulala umatsirizika, bala limakula, chotupa n'kutulukira munthu ataiwala kale za dzenje lija.

Dzenje lokha silinali lokwanira kufotokoza nkhaniyi, popeza magalimoto ambiri anaponda dzenje lomwelo usiku womwewo osavulala. Pa galimoto iyi zinthu zinayi zinakumana pa gudumu limodzi. Limu yopindika inkataya mpweya tsiku ndi tsiku, kotero kuti tayala linali lofewa ndipo khoma lake linali lopindika kale lisanafike padzenje. Khomalo linali lalifupi, la masentimita osakwana khumi, ndiye mtunda woti limu ifike pansi unali wochepa. Galimoto inali yodzaza anthu asanu ndi masutikesi pa matayala a mphamvu yocheperapo kuposa amene galimotoyo inabwera nawo, ndipo tiyenera kukumbukira kuti makilogalamu 545 aja ndi a tayala lokhuta mpweya, pa 1.5 bar limasenza zochepa kuposa pamenepo. Chachinayi ndi madzi, amene anabisa dzenje kotero kuti sanachepetse liwiro. Kuti linali gudumu lakutsogolo kumanzere maulendo onse awiri sizodabwitsa: kuno timayendetsa kumanzere kwa msewu monga kwathu, ndipo kumanzereko n'kumene madzi amasonkhana, phula limayambira kunyenyeka, ndiponso n'kumene dalaivala wonyamula anthu amakhulitsa tayala pa mwala wa m'mphepete akamaima kutsitsa kasitomala. Gudumu lakutsogolo ndi limene limayamba kufika padzenje, litasenza injini, ndipo munthu akaponda buleki ali m'dzenje momwemo kulemera konse kumathamangira pa ilo.

Ku Johannesburg mvula imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka cha mu Malichi, yambiri ya mabingu a masana ndi madzulo, ndipo pa galaja yathu matayala otupa amachuluka m'miyezi yomweyo. Madzi akalowa m'ming'alu ya phula amafewetsa dothi la pansi, magalimoto olemera n'kuswa pamwamba, ndipo dzenje latsopano limakhala ndi milomo yakuthwa kuposa lakale limene magudumu alisalaza.

Zifukwa zina zimene ndinayenera kuzichotsa

Popeza ndine ndinamanga tayalalo, woyamba kukayikiridwa ndinali ine ndemwe. Makina omangira kapena chitsulo chokanulira zikang'amba mphira wa pamlomo wa tayala, makamaka pa matayala a khoma lalifupi amene amavuta kulowa, mpweya ukhoza kulowa mu ulusi kudzera pabalapo n'kutulutsa chotupa m'munsi, pafupi ndi limu. Ndinayendetsa chala kuzungulira milomo yonse iwiri bambowo akuona, ndipo inali yathunthu, yopanda pong'ambika kapena popindika waya.

Chachiwiri chinali chimene iwo ankakhulupirira, chakuti tayala linalakwika popanga. Zimenezi zimachitika, ngakhale kuti pa matayala otupa amene ndamasula pa moyo wanga ndi ochepa kwambiri amene ndinawabweza pa chifukwa chimenechi. Tayala lotero limaonetsa kuti zigawo zake sizinagwirane bwino: zimalekana mosalala, ulusi uli wathunthu, popanda chipsera kunja, popanda chizindikiro pa limu, ndipo kawirikawiri vutolo limatuluka tayala likadali latsopano kwambiri. Lamulo la dziko lino loteteza ogula, Consumer Protection Act la chaka cha 2008, limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wopezeka ndi chilema, ndipo bambowa anali m'kati mwa nthawiyo. Koma ulusi woduka, khungu long'ambika, chipsera cha kunja ndi chizindikiro cha pa limu zonse zinali pa mzere umodzi wa choko uja, ndipo woyeza aliyense wa kampani akanaona zomwezo n'kukana.

Chachitatu ndi kutentha kobwera chifukwa choyenda nthawi yaitali ndi mpweya wochepa kwambiri. Ichi sichinali pa tayala lakutsogololo, koma ndinachipeza pa lakumbuyo kumanzere, limene ndinalimasula chifukwa poyendetsa dzanja ndinamva pofewa pafupi ndi phewa. Linali la kaunjika, limene anagula m'mbali mwa msewu chifukwa mizere yake inali yakuya. Manambala ake a DOT anasonyeza chaka cha 2015. M'kati mwake munali zinyenyeswa zakuda zodzaza dzanja, ndi mzere wa makwinya wozungulira khoma lonse, chizindikiro chakuti mwini wake woyamba analiyendetsa lili lakuphwa. Tayala likayenda motero khoma limapindika mopyola muyeso, limatentha, ndipo guluu wogwirizanitsa ulusi ndi mphira amafooka. Chotupa chochokera pamenepa chimasiyana ndi cha dzenje: chimakhala chotambalala, chofewa, chopanda malire enieni. Linalinso ndi kachingwe kotsekera pobooka kolowetsedwa kuchokera kunja popanda chigamba m'kati, njira imene imalola mpweya ndi chinyezi kufika pa malamba a waya n'kuwachititsa dzimbiri. Kunja tayalali linkaoneka labwino kuposa onse, ndipo n'chifukwa chake ndimaumirira kuti tayala la kaunjika munthu asaligule asanalione m'kati ndi kuwerenga chaka chake. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti likadutsa zaka zisanu liziyezedwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale mizere ilipo.

Pa tayala lakumbuyo kumanja bambowo anandisonyeza okha kamzere kolowa m'kati, kochokera ku limu kupita kuphewa, ali ndi mantha kuti nalonso lapita. Limenelo linali lopanda vuto. Popanga tayala, nsalu ya ulusi imakulungidwa ndipo mapeto ake amasanjikizana, motero pamalopo pamakhala polimba kuposa pena ndipo sipatukumuka mofanana ndi pozungulira pake tayala likapopedwa. Kolowa m'kati kotere ndi kachibadwa. Kotulukira kunja ndi kumene kumafuna kumasula.

Zimene tinakambirana ndi zimene tinachita

Ataona ndi maso awo, mkwiyo unatha koma nkhawa ya ndalama inatsala. Anafunsa ngati sindingamate chigamba chachikulu m'kati, kapena kuikamo chubu monga tinkachitira kumudzi, kapena kulitembenuza kuti chotupa chiyang'ane m'kati apolisi asachione, kapenanso kulipititsa kumbuyo mpaka mwezi uthe. Ndinakana zonse zinayi, ndipo sindinakane mopepuka, chifukwa ndikudziwa kuti tsiku limene galimoto yaima ndi tsiku limene kumudzi sikupita kanthu. Chigamba ndi chubu zimatseka mpweya koma sizilumikiza ulusi woduka, ndiye khoma limakhalabe lopanda mafupa pamalopo. Pa galimoto yaing'ono timamata pobooka pa mbali yoponda msewu pokha, bowo losapitirira mamilimita 6, osati pakhoma. Kulitembenuza n'kungodzibisira wekha bala limene likukula. Kulipititsa kumbuyo n'koopsa mwa njira yakeyake, chifukwa tayala lakumbuyo likaphulika pa liwiro la makilomita 120 pa ola pa msewu waukulu wa N1 kapena N3 matako a galimoto amapatuka ndipo chiwongolero sichithandiza msanga. Chotupa chikhoza kukhala milungu ingapo, chikhozanso kuphulika madzulo omwewo, ndipo palibe makaniko amene angakuuzeni tsiku lake, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Ndinawakumbutsanso kuti ndime 212 ya malamulo a pamsewu ochokera mu National Road Traffic Act ya 1996 imaletsa kuyendetsa galimoto ya tayala lotupa chifukwa cha kuduka kapena kulekana kwa zigawo zake, ndipo galimoto yonyamula anthu ikachita ngozi ndi tayala lotero a inshuwalansi amayamba kuyang'ana pomwepo.

Mwamwayi malimu akale a mainchesi 15 anali asanawagulitse. Anali kuseri kwa nyumba atafunditsidwa lona. Ndinawalangiza kuti abwerere ku amenewo ndi matayala a 195/65 R15 a nambala 91, amene ndi otchipanso kuposa a mainchesi 17. Anadandaula kuti galimoto itaya ulemerero wake, koma kenako anati, "Walira mvula walira matope, achimwene, mangani akalewo." Tinamanga anayi, awiri atsopano kumbuyo ndi awiri amene anatsala pa malimuwo kutsogolo, nditawamasula kaye n'kuona kuti m'kati ndi abwino ndipo zaka zawo n'zololeka. Tinasintha mavalavu onse, tinabalansa, tinayeza alayimenti, imene inali itasokonekera kumanzere, ndipo tinayang'ana shoko ndi zitsulo zogwira gudumu limenelo, zomwe zinapezeka zili bwino. Ndinawauza poyera kuti limu yopindika ija ndinayenera kuiona mu Novembala, ndipo nditakambirana ndi abwana anga sitinawalipiritse ntchito ya manja, komanso ndinaperekapo gawo la mtengo wa tayala limodzi kuchokera m'thumba mwanga.

Pa za mpweya tinagwirizana kuti agule geji yawoyawo, aziyeza kamodzi pa sabata m'mawa galimoto isanayende, ndipo tsiku lotuta katundu azipopa kufika pa nambala ya galimoto yodzaza yolembedwa pachitseko. Ndinawachenjeza za chizolowezi chimene ndimachiona mwa madalaivala ambiri, chochotsako mpweya masana akaona geji yakwera. Kukwerako n'kwa kutentha, ndipo amene wachotsa masana amadzuka ndi tayala lofewa. Mpweya umatsika pafupifupi 0.1 bar kuzizira kukawonjezeka ndi madigiri 10, choncho tayala lopopedwa masana otentha a mu Malichi limapezeka lotsika m'mawa wachisanu wa mu Juni ngakhale lisakudontha. Tinagwirizananso kuti tayala limodzi likamatsika kuposa anzake abwere nalo sabata yomweyo, ndipo akagunda dzenje mwamphamvu asakhutire ndi kuunika kwa usiku umodzi, koma aziyendetsa dzanja kukhoma lakunja ndi lam'kati masiku otsatira kwa milungu iwiri.

Anabweranso kumapeto kwa Juni kudzasinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, atayenda makilomita oposa 20,000 chichokere tsiku lija. Ndinayeza onse anayi ali ozizira: atatu anali pa 2.2 bar, limodzi pa 2.1. Ndinakweza galimoto, ndinazungulitsa gudumu lililonse ndi dzanja n'kupapasa makoma onse asanu ndi atatu, osapeza potupa kapena pofewa. Lakutsogolo kumanzere linali ndi zokhula za mwala wa m'mphepete pa zilembo zake, zosafika pa ulusi, ndipo ndinawasonyeza kuti aziima motalikirako pang'ono potsitsa anthu. Malimu atatu a mainchesi 17 anali atawagulitsa. Wachinayi, wopindika uja, anandisiyira, ndipo uli pakhoma la galaja pamodzi ndi chidutswa cha tayala chimene ndinadula mozungulira chotupa, mzere wa choko ukadaonekabe pa zonse ziwiri. Mnyamata aliyense woyamba ntchito pamalo athu ndimamugwiritsa nsonga za ulusi zija ndi chala chake asanakhudze makina omangira.